Kampata ka zala ziwiri pakati pa nyumba yanu ndi ya mnansi

Mai aliyense amene anakwezapo mitsuko pa ngolo kupita nayo ku msika akudziwa lamulo limodzi losalembedwa: zoumba za dothi sazigundanitsa. Mukaziika mothithikana, ngolo ikangolowa m'dzenje loyamba mudzamva kuti phwa! ndipo pofika ku msika mudzatsitsa mapale. N'cifukwa cake amai amasiya mpata pakati pa mtsuko ndi unzake, n'kuikapo udzu wofewa. Mtsuko wopsa bwino ungathe kupirira msewu woipa pa wokha. Cimene cimauswa kawiri-kawiri ndi unzake umene wakhala nao pafupi.

Nkhani yathu lero ndi ya nyumba, koma nzeru yake ndi yomweyo. M'maiko amene nthaka imagwedezeka kawiri-kawiri, malamulo a kamangidwe amanena kuti pakati pa nyumba ziwiri zoyandikana pazikhala mpata woyezedwa, wocokera pamwamba pa maziko mpaka ku denga, wopanda njerwa kapena simenti m'kati mwake. Ena a inu awerengi mudzati, "Nanga ife za zibvomezi zitikhudza bwanji, si za ku Japan zimenezi?" Dekhani, tifika pamenepo. Poyamba tiyeni tione dziko limene linalemba lamuloli bwino-bwino m'mabuku ake, koma anthu n'kufa ndithu.

Pa 6 Febuluwale 2023, nthawi ya 04:17 mbandakuca, anthu ali m'tulo, cibvomezi ca mphamvu ya 7.8 cinagwedeza kum'mwera kwa dziko la Turkey ndi kumpoto kwa Syria. Patapita maola 9 cinabweranso cina ca 7.5, cimene cinatsiriza nyumba zambiri zimene coyamba cinasiya zong'aluka. Ku Turkey kokha anthu oposa 53,000 anafa, ndipo ku Syria kunafa enanso zikwi zingapo. Okonda mpira akukumbuka Christian Atsu wa ku Ghana, amene anasewerapo ku Newcastle. Thupi lake linapezeka pansi pa nyumba yosanja imene inagwa mu mzinda wa Antakya.

Mizinda ya kumeneko, monga Antakya, Kahramanmaraş ndi Malatya, ili ndi misewu yambiri imene nyumba zosanja, zimene ife timangoti ma apusiteya, zinamangidwa mondondozana khoma ndi khoma, kucokera pa ngodya ina ya msewu kukafika pa ina. Pansi pali masitolo, pamwamba pakhala mabanja. Mapulani a tauni amalola kamangidwe kotere, ndipo m'cinenero cao amakacha bitişik nizam. Komabe lamulo lao la zibvomezi, la 2007 ndi latsopano la 2018 lomwe, sililola kuti nyumbazo zigundane. Likunena mosapita m'mbali kuti mpata usacepere mamilimita 30 ngati nyumba ndi yotalika mpaka mamita 6, ndipo pa mamita atatu alionse oonjezera pamwamba pake muonjezere mamilimita 10. Mamilimita 30 ndi zala ziwiri za munthu wamkulu. Nyumba ya nsanjika zisanu, yotalika mamita 15, ifunika mamilimita 60, amene sakwana ndi cikhatho comwe. Umenewu ndi muyezo wocepetsetsa cabe. Injiniya ayenera kuwerengera mmene nyumba iliyonse ingapendamire, ndipo ngati masamu akufuna mpata woposa pamenepa, atsate masamuwo.

Mainjiniya amene anayendera mizindayi pambuyo pa tsokalo anapeza kuti m'malo ambiri mpatawo panalibe. Makoma anali ogundana, ndipo zipsera za kumenyana kwa nyumba zinali poyera: ngodya zosweka, makoma oboola, mizati yophwanyika pamene nyumba ya pafupi inali kugunda.

Kodi nyumba zimamenyana bwanji poti zilibe manja? Onani mitengo tsiku la mphepo yamkuntho. Bulugamu wamtali amapendama mosafulumira, kupita kutali uku ndi uku, pamene kamtengo kakafupi kamangonjenjemera mwamsanga-msanga. Nyumba nazo n'cimodzimodzi. Nthaka ikagwedezeka, nyumba iliyonse imabvina ndi ng'oma yake, malinga ndi msinkhu, kulemera ndi kulimba kwake. Mainjiniya ali ndi kawerengedwe kacidule kakuti nsanjika iliyonse imaonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi pa ulendo umodzi wopita ndi kubwera. Motero nyumba ya nsanjika ziwiri imapita ndi kubwera kasanu pa sekondi imodzi, pamene ya nsanjika khumi imatero kamodzi cabe. Ziwirizi zikakhala pafupi, idzafika mphindi imene ina ikulowera kum'mawa inzake ikulowera kumadzulo, ndipo zidzakumana mutu ndi mutu ngati atonde. Kusiyana kwake n'kwakuti mitu imeneyi ndi matani mazana-mazana a konkiriti, ndiponso sizigundana kamodzi n'kuleka. Nthaka ikapitiriza kugwedezeka kwa theka la mphindi, zimamenyana mobwereza-bwereza.

Kugundana konse n'koipa, koma kulipo koipitsitsa. Ngati masilabu a nyumba ziwirizo ali pa msinkhu umodzi, silabu imagunda silabu inzake, colimba kugunda colimba. Pamasweka pulasitala ndi ngodya, koma nthawi zambiri nyumba zimatsala ciimire. Tsono taganizani kuti mwini wina anakweza sitolo yake ya pansi kufika mamita anai ndi theka, pamene mnansi wake analekeza pa mamita atatu. Silabu ya uyu imalunjika pa thupi la mzati wa uyo, pamene palibe cougwira. Aliyense amene anathyolapo nzimbe pa bondo akudziwa cimene cimatsatira. Mzati ukathyoka, zonse za pamwamba pake zimatsika. N'cifukwa cake lamulo la Turkey limafuna kuti mpata wowerengeredwa uwirikizidwe kawiri ngati masilabu sakulingana, ndipo la maiko a ku Ulaya, lochedwa Eurocode 8, limalola kuucepetsa ndi 30 peresenti pokhapokha ngati akulingana.

Palinso nyumba yaitali imene yaima pafupi ndi yaifupi yolimba. Yaifupiyo imagwira yaitali m'ciuno, mbali ya pamwamba n'kumakwapuka yokha ngati cikwapu, ndipo imathyokera pamene pathera denga la inzake. Ndiye pali nyumba ya kumapeto kwa mzere. Aphunzitsi akudziwa kuti ana akayamba kukankhana pa benchi, amene amagwa pansi ndi wa kumapeto, pakuti alibe womugwira mbali inayo. M'zibvomezi zambiri nyumba za pa ngodya za misewu ndizo zimaonongeka kuposa za pakati.

Phunziro limeneli dziko lapansi linaliphunzira ndi misozi ku Mexico City pa 19 Seputembala 1985. Cibvomezi ca mphamvu ya 8 cinayambira ku gombe la nyanja ya Pacific, mtunda woposa makilomita 350 kucokera mu mzindawo, pafupi-fupi ngati kucoka ku Chipata kukafika pa mlatho wa Luangwa. Koma pakati pa mzindawo panamangidwa pamene kale panali nyanja ya Texcoco, pa dothi lofewa la matope, ndipo dothi lotere limakuza kugwedezeka monga mmene phala limacitira m'mbale mukaigunda pang'ono. Nyumba za nsanjika 6 mpaka 15 ndizo zinabvutika kwambiri. Anthu osacepera 5,000 anafa, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ciwerengero ceni-ceni cinafika 10,000 kapena kuposa.

Akatswiri awiri a m'dzikolo, Emilio Rosenblueth ndi Roberto Meli, analemba m'caka ca 1986 kuti mwa nyumba 330 zimene zinagwa kapena kuonongeka kwambiri, zoposa 40 peresenti zinali ndi zizindikiro za kugundana, ndipo pa 15 peresenti kugundanako ndiko kunagwetsa nyumba. Pambuyo pake akatswiri ena ataunikanso anati ciwerengero caciwirici cinakwera mopitirira, pakuti zambiri mwa nyumbazo zinali ndi matenda ena kale. Mkangano umenewo tiusiyire ophunzira. Ngakhale titadula ciwerengeroco pakati, tikukambabe za nyumba zosanja zoposa 20 mu mzinda umodzi, m'mawa umodzi.

Lamulo la Mexico City limati nyumba italikirane ndi malire a puloti masentimita osacepera asanu, ndipo mpata uzikula malinga ndi mmene nyumbayo ingapendamire. Koma pa 19 Seputembala 2017, patapita zaka 32 zeni-zeni tsiku ndi tsiku, cibvomezi cina ca 7.1 cinapha anthu pafupi-fupi 370 m'dzikolo, ndipo zipsera za kugundana zinaonekanso. Nyumba zakale zinali zikadali pamene zinali. Palinso bvuto lina limene limapezeka m'maiko ambiri: mpata umajambulidwa pa pulani, umasiyidwanso pomanga, koma pofika tsiku lopereka makiyi umakhala utadzala ndi simenti yotayika, zidutswa za njerwa ndi matabwa amene amisiri analephera kuzula. Mpata wodzala ndi zolimba ngofanana ndi kusausiya konse. Udzu pakati pa mitsuko umathandiza cifukwa ngofewa. Muikepo mwala muone.

Funso limene limabutsa mikangano n'lakuti: ndani ataye malo? Malamulo a ku America ndi a ku Ulaya amayankha mwacilungamo. Mwini aliyense abwerere m'mbuyo kucokera pa malire a puloti yake ndi mlingo umene nyumba yake ingapendamire, kuti ikamabvina izibvinira pa bwalo lake. Kwa omanga nyumba zazitali imeneyi ndi ndalama yeni-yeni. Ku America nyumba wamba imaloledwa kupendama mpaka 2 peresenti ya msinkhu wake, ndiye kuti ya mamita 30 ingathe kusuntha masentimita 60 pamwamba. Koma kwa munthu womanga nsanjika ziwiri kapena zitatu, nkhani ndi ya zala zowerengeka. Puloti ikhale yaitali mamita 20, inu n'kusiya masentimita 6 mbali imodzi, mwataya malo osakwana kuyalapo mphasa imodzi.

Nanga ngati mtengo wake ngwocepa cotere, anthu amalekeranji? Ine ndiona kuti malo amene atayika si ndiwo amawawa eni nyumba. Cimene cimakopa ndi khoma la mnansi limene laima kale. Ukagundanitsa nyumba yako ku khoma limenelo, wapulumutsa matabwa ogwirira konkiriti, wapulumutsa pulasitala wa kunja, mwinanso ndi mabuloko a khoma lonse. Ndipo pamene nyumba yatha, palibe munthu wodutsa mu msewu amene angaone kuti kanthu kena kakusowa.

Ku Turkey boma lenilenilo linathandizira kuti cizolowezi cotere cizike mizu. Dzikolo linali litalira kale mu Ogasiti 1999, pamene cibvomezi ca ku İzmit cinapha anthu oposa 17,000, ndipo malamulo anakhwimitsidwa. Koma m'caka ca 2018, kutatsala milungu yocepa kuti anthu aponye voti, nyumba ya malamulo inabvomereza cikhululukiro ca nyumba zomangidwa mosatsata malamulo, cochedwa imar barışı. Mwini nyumba anali kungonena yekha zimene anamanga, kulipira ndalama ku boma, n'kulandira cikalata. Sikunali kofunika kuti injiniya abwere kudzayeza mizati. Mapempho oposa 7 miliyoni analandiridwa, ndipo lamulolo linanena kuti nkhani ya kulimba kwa nyumba pa cibvomezi ili m'manja mwa mwini wake.

Apa ndi pamene ine ndikuona kuti panalakwika kwambiri. Mzati wofooka ungathe kubvekedwa konkiriti ina ndi zitsulo. Khoma losalimba lingathe kulimbitsidwa. Koma mpata umene sunasiyidwe tsiku lomanga simungaubweretse ndi cikalata, muyenera kugumula. Ndiponso kunena kuti tsoka lili m'manja mwa mwini nyumba n'kuiwala kuti silabu ya munthu wophwanya lamulo imakathyola mzati wa mnansi amene analitsata lonse, analipira injiniya, nagula zitsulo zokwanira. Iye ndi ana ake sanasaine cikalata ciliconse.

Tinene zoona, kuti tisanamize awerengi: kusowa kwa mpata sindiko kunapha anthu ambiri ku Turkey. Nyumba zambiri zinagwa cifukwa ca konkiriti yosakwanira simenti, zitsulo zocepa ndi zomangidwa motalikirana, dothi lofewa, ndi masitolo a pansi amene anali magalasi okha-okha opanda makoma, mwinanso eni ake atadula mizati kuti katundu aoneke bwino. Nyumba zambiri zoima pa zokha zinagwanso. Alipo ngakhale akatswiri amene amati nyumba za msinkhu umodzi, za masilabu olingana, zikakhala pa mzere zimagwirana mapewa, ndipo yofooka ya pakati imapulumuka cifukwa ca anzake. Zimenezi zinaonekapo. Ku Christchurch m'dziko la New Zealand, mu Febuluwale 2011, anthu 185 anafa, 115 mwa iwo m'nyumba imodzi ya CTV imene inagwa pa zifukwa zina. Koma kumeneko kugundana kunaononga maka-maka nyumba zakale za njerwa zopanda zitsulo, za nsanjika ziwiri kapena zitatu, zosiyana misinkhu. Ndikupempha muzisunge m'mutu nyumba zimenezi, pakuti ndizo zifanana ndi zathu.

Cimene tikuphunzirapo n'cakuti njira zabwino zilipo ziwiri. Nyumba zimangidwe ngati thupi limodzi, zolumikizidwa ndi zitsulo mwadala monga mwa pulani ya injiniya, kuti zizibvina ng'oma imodzi. Apo ayi zilekanitsidwe kotheratu. Coipa ndi ca pakati, nyumba zimene zangotsamirana, zosalumikizidwa komanso zosalekana.

Tsopano tibwere kwathu. Zambia sali ngati Turkey kapena Japan, ndipo wokuuzani kuti mawa Lusaka adzagwa akukuopsezani cabe. Komabe nthaka yathu siigona tulo. Tili m'mphepete mwa mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, umene unapanga nyanja za Tanganyika, Rukwa ndi Malawi, ndipo zigwa za Luangwa, Mweru ndi Zambezi nazo n'zobadwa ndi kung'aluka kwa nthaka. Mu Febuluwale 2017 cibvomezi ca 5.9 cinagwedeza dera la Kaputa ku cigawo ca kumpoto, nyumba zina zinagwa ndipo anthu ena anabvulala. Mu Seputembala 1963, nyanja ya Kariba itangodzala, kunacitika ca mphamvu yoposa 6. Kwa anansi athu ku Malawi, ca ku Salima mu Malichi 1989 cinapha anthu 9 ndi kusiya pafupi-fupi 50,000 opanda pogona, ndipo akulu-akulu a kum'mawa kuno akudziwa kuti Salima si kutali. Mu Disembala 2009 Karonga anagwedezeka kwa milungu iwiri, cacikulu cinafika 6.0, anthu anai anafa ndipo nyumba zikwi zinaonongeka. Ku Machaze m'dziko la Mozambique, mu Febuluwale 2006, kunacitika ca 7.0 cimene cinamveka mpaka ku Harare ndi ku Durban.

Mtunda nao usatinamize. Mu Malichi 2025 cibvomezi ca 7.7 ca ku Myanmar cinagwetsa nyumba yaitali imene inali kumangidwa ku Bangkok, makilomita pafupi-fupi 1,000 kucokera pamene cinayambira. Bangkok, monga Mexico City, wakhala pa dothi lofewa. Mlimi aliyense akudziwa kusiyana kwa nthaka ya pa mtunda ndi ya ku dambo, ndipo tonse tikuona mmene mapuloti a m'matauni athu akutsikira m'madambo mmene makolo athu anali kungobzalamo mpunga ndi ndiwo.

Kwa inu a ku mudzi amene nyumba yanu yaima pa yokha, khichini uko, nkhokwe uko, nkhani ya mpata ilibe nchito. Makolo anausiya kale wokwanira. Zanu ndi zina: njerwa zopsa bwino, dothi kapena simenti yogwira, makoma olumana pa ngodya, ring beam yozungulira nyumba yonse, ndi khoma la nsonga la pansi pa denga limene limakonda kugwa coyamba. Pambuyo pa Karonga boma la Malawi linatulutsa malangizo a kamangidwe kotetezeka ka nyumba wamba okamba zinthu zotere.

Kumene nkhaniyi ikutigwira ndi kumene alimi amaika ndalama za fodya, thonje ndi soya akakolola bwino: m'masitolo a pa malo a malonda ndi m'matauni. Pitani ku Kamwala mu Lusaka, pitani m'misika ya Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi, mudzaona masitolo pa mzere khoma ndi khoma. Pamene onse anali a pansi, a msinkhu umodzi, a denga la malata, ngozi inali yocepa. Koma masiku ano wina akapeza bwino amacotsa malata, kuthira silabu, n'kukweza nsanjika yaciwiri, mwinanso yacitatu, pakati pa anzake amene akadali pansi. Mzere umene unali kubvina ng'oma imodzi tsopano uli ndi ng'oma zitatu.

Caka catha ndinaima pa malo ena a malonda m'mbali mwa msewu waukulu kuno kum'mawa, pamene anali kumanga apusiteya pafupi ndi sitolo yakale ya njerwa zoocha. Mizati ya nyumba yatsopano anaithirira pa khoma lenileni la sitoloyo, khomalo n'kukhala ngati thabwa logwirira konkiriti, ndipo silabu inali pafupi kugona pa ring beam ya mnansi. Ndinafunsa a bilikileya, bambo acikulire odziwa nchito yao, kuti bwanji sanasiye mpata. Anandiyang'ana modabwa nati, "Bambo, khoma lilipo kale, tionongerenji matabwa? Komanso mukasiya kampata ndiye mwamangira makoswe nyumba." Sindinawaseke, cifukwa mau ao aciwiriwo ali ndi nzeru. Mpata wosasamalidwa umakhaladi msewu wa makoswe, dzala la zinyalala ndi ngalande ya madzi a mvula amene amanyowetsa makoma onse awiri. Koma mankhwala ake ndi osabvuta. Pothira konkiriti amaikapo cinthu cofewa, monga thovu loyera lija limabwera m'makatoni a wailesi ndi mafiriji, ndipo pamwamba ndi kutsogolo amatsekapo ndi lata lokhomeredwa ku nyumba imodzi yokha, kuti nyumba zikasuntha latalo lizitsetsereka. Madzi salowa, khoswe salowa, mpata ulipo.

Makomiti a machalichi ndi a masukulu nao amvetsere, pakuti ndiwo amamanga pang'ono-pang'ono malinga ndi mmene zopereka zikubwerera. Caka cino chalichi, patapita zaka zisanu holo yotsamira ku khoma lake, kenaka nsanja ya belu pa khomo. Nsanja ndi yaitali ndi yoonda, chalichi n'cacifupi ndi cotambalala. Ziwirizi sizingapendame mofanana. Ku Christchurch komwe kuja nsanja ya chalichi cacikulu ca Anglican inagwa pamene mbali yaikulu ya chalichico inatsala ciimire. Kumanga nsanja yongogunda khoma, kapena kuilumikiza ndi tizitsulo tiwiri tokhomera m'njerwa zakale, ndiko kusankha njira ya pakati ija. N'cimodzimodzi ndi thanki ya madzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzala ndi matani asanu okhala pamwamba pa miyendo ya zitsulo, ndipo m'malo ambiri mudzaipeza itaima cikhatho cimodzi kucokera ku khoma la kalasi kapena la cipinda ca amai oyembekezera.

Zomanga zotere zacuruka kwambiri kuyambira pamene ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndi K36.1 miliyoni mu 2025 pa dera lililonse la phungu. N'zoyamikika kuti ana acoka pansi pa mitengo. Koma makalasi, zipatala zazing'ono ndi misika imene ikumangidwa tsopano idzaima zaka 50 kapena kuposa, ndipo tsoka silinunkha. Pamene buloko yatsopano ikuonjezedwa ku yakale, wina m'komiti afunse kuti pulani ikuti ciani pa malo okumanira ziwirizo.

Malamulo ndi mabungwe tili nao. Lamulo la mapulani a matauni ndi madera la 2015, Urban and Regional Planning Act, limafuna kuti munthu apeze cilolezo asanamange. Bungwe la National Council for Construction limalembetsa makontilakitala, ndipo la Engineering Institution of Zambia limayang'anira mainjiniya. Turkey nayo inali ndi zonsezi, zoposanso zathu. Cimene ine ndingapemphe makhonsolo n'cocepa. Pulani ya apusiteya iliyonse yomangidwa pa malire a puloti izionetsa nyumba ya mnansi, msinkhu wa denga kapena masilabu ake, ndi mpata wolembedwa m'mamilimita. Woyendera wa khonsolo afike ndi tepi yake tsiku limene mizati yoyamba ikuimikidwa, pakuti ndi tsiku lokhalo limene kukonza kumangofuna kusuntha thabwa. Ndipo mau akuti "tingolembetsa zonse zimene zamangidwa kale, anthu alipire cindapusa", amene amamveka okoma maka-maka cisankho cikayandikira, tiziwamva ndi makutu a anthu a ku Antakya. Kupatsa munthu wosauka cikalata ca malo amene wakhalapo zaka 20 n'cinthu cabwino. Kudinda cidindo pa nsanjika zitatu zimene injiniya sanazionepo ndi nkhani ina.

Inunso amene mnansi wanu wayamba kuunjika miyala ndi zitsulo pafupi ndi sitolo yanu, musacite manyazi kumufunsa kuti akwera mpaka pati ndipo asiya mpata wotani. Khoma lanu ndi lanu. Palibe amene ayenera kulithirira konkiriti kapena kugonekapo silabu inu osabvomera, ndipo ngati simukumvana, ofesi ya mapulani ku khonsolo ndiyo ya nchito imeneyo. Kukambirana kumeneku n'kosabvuta maziko asanakumbidwe. Silabu ikauma, amatsala ndi makhoti.

Pa malo a malonda aja ndinadutsanso mwezi wathawu. Apusiteya inatha, anaipaka utoto wobiriwira, pamwamba pali zipinda zogona alendo. Puloti yotsatira pa mzere womwewo akukumba maziko, zikhomo anakhoma kale, ndipo cingwe ca mbali ya kumadzulo cagunda khoma la apusiteyayo.